Kudzutsa Galimoto Yodyedwa ndi Dzimbiri

Anzanga ambiri kuno kusukulu akhala akundifunsa chifukwa chimene ndimabwerera kutchuthi zikhadabo zili bii, manja ali zipsera zokhazokha. Ena amandiseka kuti ndimakaotcha makala. Ayi ndithu. Kwa matchuthi anayi otsatizana ndinali kuthandiza bambo anga ndi amalume kudzutsa galimoto imene aliyense m'mudzi mwathu ankati inafa kalekale. Ndati ndifotokoze m'mene ntchitoyi imayendera, popeza m'midzi ndi m'mamishoni ambiri muli magalimoto otere amene angogona paudzu, ndipo eni ake sadziwa ngati n'koyenera kuwakonza kapena kuwagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Kwathu ndi m'dera la Mfumu Yaikulu Nsamala, m'boma la Balaka. Kuseri kwa nyumba yathu, pansi pa mtengo wa mango, panali Land Rover ya mtundu wa Series III yopangidwa m'chaka cha 1974. Malemu agogo anga aamuna ndiwo anaigula, ndipo ankanyamulira thonje popita kumsika wa ADMARC. M'buku lake la umwini munalembedwa kuti mwini wake amakhala ku Machinga, chifukwa Balaka inadzakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Agogo atamwalira galimotoyo inaima, ndipo kwa zaka zoposa 10 inali nyumba yoikiramo nkhuku.

M'chaka cha 2023 kunabwera anyamata ogula zitsulo ali ndi sikelo yawo. Bambo anatsala pang'ono kuvomera, koma mayi anakana. Anawakumbutsa za usiku wina wa m'Januwale chaka chomwecho, pamene achemwali anga anadwala matenda a uchembere mvula ili pakamwa, msewu wathu uli matope okhaokha, ndipo galimoto zonse zimene tinaziitana zinakana kulowa kumudzi. Tinawanyamula pa ngolo usiku wonse mpaka kukafika pa msewu wa tala. Anachira, mwana ali moyo, koma mayi sanaiwale. Amalume, amene anagwirapo ntchito ya umakaniko ku Limbe, anangoti, "Alamu, musafulumire. Ndipatseni nyundo ndi tsiku limodzi, ndikuuzani ngati ili ndi moyo."

Chikomekome cha mkuyu

Poiona kunja galimotoyo inali yolimbikitsa mtima. Utoto unali utasuluka, koma zitseko ndi mapiko zinalibe dzimbiri. Chifukwa chake chili m'mbiri ya galimotozi. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948. Anaipanga ndi a kampani ya Rover ku Solihull, m'dziko la England, motsogozedwa ndi abale awiri, Maurice Wilks ndi Spencer Wilks. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, chitsulo chinali chosowa, koma aluminiyamu ankapezeka. Motero bodi anaipanga ndi aluminiyamu wosakaniza wotchedwa Birmabright, ndipo anapitiriza kutero pa Series II ya 1958, Series IIA ya 1961 ndi Series III imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Mdzukulu wake, Defender ya maonekedwe akale aja, inasiya kupangidwa mu Januwale 2016.

Koma si zonse zili za aluminiyamu. Chasisi, imene ili ngati msana wa galimoto, ndi yachitsulo. Chachitsulonso ndi chipupa cholekanitsa injini ndi pokhala anthu, chimene amakaniko amachitcha bulkhead, pamodzi ndi mafelemu a m'kati mwa zitseko. Apa m'pamene pagona nkhani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anthu ambiri ataya ndalama pogula utoto ndi matayala, osadziwa kuti msana wa galimoto yawo unatha kale.

Kodi dzimbiri ndi chiyani?

Amene mwafika Fomu 3 mukudziwa kuti chitsulo chimachita dzimbiri pakakhala zinthu ziwiri pamodzi: madzi ndi mpweya wa okosijeni. Mukachotsa chimodzi mwa izi, dzimbiri silibwera. Choipa cha dzimbiri n'chakuti ndi lofufuma ndiponso lokhala ndi timabowo, kotero limamwa madzi n'kuwasunga, kenaka limakanganuka n'kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nachonso chidyedwe. Aluminiyamu naye amagwirizana ndi okosijeni, koma kakhungu kamene amapanga n'kothina ndi kolimba, ndipo kamatchinga zam'kati.

Ku Ulaya chimene chimatha galimotozi ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu. Kwathu kuno adani ndi ena. Woyamba ndi matope. Chasisi ya Land Rover ndi yamphako ngati bokosi, ndipo matope akalowamo amatseka timabowo totulukira madzi, n'kukhala onyowa miyezi yambiri ngakhale kunja dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo. Choncho chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati. Adani ena ndi masamba owola, zitosi za nkhuku ndi feteleza wotayikira m'matumba, chifukwa zonsezi zili ndi mchere kapena asidi amene amafulumizitsa dzimbiri.

Palinso china chodabwitsa. Pamene aluminiyamu wagundana ndi chitsulo, pakalowa chinyezi, zitsulo ziwirizo zimasanduka ngati batire laling'ono, ndipo amene amadyeka ndi aluminiyamu. Mukaona ufa woyera mozungulira bawuti kapena m'munsi mwa chitseko, dziwani kuti ndi zimenezo. Mankhwala ake n'kulekanitsa ziwirizo ndi utoto kapena kachidutswa ka chubu cha njinga.

Chiweruzo cha nyundo

Tsiku limene amalume anapempha lija, tinatsuka kunsi konse, kenaka iwo anayamba kugogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ine ndikulemba ndi choko. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee. Chodyeka chimalira mogonthera, ndipo nthawi zina nyundo imangolowa. Malo oyamba kukayikira ndi awa: mtanda wa kumbuyo kwenikweni pamene pamamangidwa chokokera ngolo, timikono totuluka m'mbali timene timanyamula bodi, malo omangapo masipuling'i, ndi pansi pa bulkhead poponda mapazi.

Lamulo la amalume linali losavuta. Ngati mizati iwiri italiitali ya chasisi ili yolimba, galimoto ili ndi moyo, chifukwa zina zonsezo zimadulidwa n'kuikapo zatsopano. Koma ngati mizatiyo yabooka malo ambiri kapena yapindika, musadzivute. Yathu inapezeka ndi mizati yabwino, koma mtanda wa kumbuyo unali ngati bisiketi, timikono tiwiri tinali titatheratu, ndipo poponda mapazi a dalaivala pankaoneka pansi. Tinapezanso nambala ya chasisi, imene imadindidwa pa chitsulo chonyamula sipuling'i ya kutsogolo kudzanja lamanja, ndipo inafanana ndi ya m'buku. Ichi n'chofunika kuchiona musanawononge tambala imodzi, popeza galimoto yosiyana nambala ndi mapepala ake idzakuvutani kuilembetsa.

Kuphwasula mwadongosolo

Ubwino wa galimotozi ndi wakuti pafupifupi chilichonse chimamangidwa ndi mabawuti. Denga, zitseko, mapiko, bokosi la mipando ndi bodi ya kumbuyo zimachoka chimodzichimodzi, ndipo amuna anayi atha kunyamula chilichonse mwa izi. Kwa sabata yathunthu tisanayambe, m'mawa uliwonse ndinkadontheza dizilo pa manati onse kuti afewe. Ambiri mwa mabawuti a Series III ndi a muyeso wa mainchesi, kotero masipanala a mamilimita amaterereka n'kuwononga mitu yake. Bawuti lokanika tinkalitenthetsa, likakanikabe tinkalidula.

Ntchito yanga yaikulu inali ya ulembi. Mabawuti a chinthu chilichonse ndinkawaika m'chitini chakechake n'kulembapo, ndipo waya aliyense ndinkamumangirira kapepala. Poyamba ndinkaona ngati amalume akundipatsa ntchito ya ana, koma patapita chaka, pomanganso, zitini zija n'zimene zinatipulumutsa.

Pano ndichenjeze zinthu ziwiri. Choyamba, musalowe kunsi kwa galimoto imene yangoimikidwa pa jeke. Jeke amatitimira m'dothi kapena kuterereka. Ife tinkaika zipika zikuluzikulu za mtengo wouma pansi pa chasisi, osati njerwa, chifukwa njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi. Chachiwiri, chotsani batire ndi thanki ya petulo musanayandikize moto uliwonse. Pa galimoto yaifupi ngati yathu, imene magudumu ake akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana mainchesi 88, thanki imakhala pansi pa mpando wa dalaivala. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa koposa, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wotsalira m'katimo.

Kuchotsa dzimbiri ndi kuwotcherera

Chasisi itatsala yokha, tinaipala ndi chitsulo ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo choyera kuoneka. Matope a m'kati tinawatokosa ndi waya wautali n'kutsuka ndi madzi ambiri, ndipo anatuluka odzaza wilibala. Kwathu kulibe magetsi, choncho tinaikweza pa ngolo n'kupita nayo kwa owotcherera ku Balaka. Anthu m'njira ankaima kuonerera ng'ombe ziwiri zikukoka mafupa a galimoto.

Lamulo la kuwotcherera ndi ili: dulani chodyeka chonse mpaka mufike pa chitsulo chabwino, ndipo chigamba chilowe m'malo mwa chimene mwadulacho. Kuphimba dzimbiri ndi chigamba pamwamba kuli ngati kumanga bandeji pa chilonda chosatsuka. Chitsulo cha chasisi n'chochindikala pafupifupi mamilimita 2, ndiye chigamba chisachepere pamenepo. Malata a denga kapena a mgolo sathandiza. Musanadule mtanda wa kumbuyo, yezani ndi kulemba pamene pali mabowo onse, apo ayi bodi sidzakhalanso pamalo pake. Amalume ankayezanso mopingasa, ngodya ndi ngodya, monga amachitira amisiri poyala maziko a nyumba.

Tizitsulo ting'onoting'ono tinatitsuka m'njira imene ndinaiphunzira m'kalasi. M'chidebe cha pulasitiki munali madzi osungunuliramo soda yemweyu wophikira therere. Kachitsulo kadzimbiri tinkakalumikiza ku mbali ya negetivu ya batire, chitsulo china chachabechabe ku mbali ya pozitivu, ziwirizo osagundana. Pakutha pa tsiku limodzi kapena awiri dzimbiri linkafewa n'kumachoka ndi bulashi. Izi zichitikire panja, kutali ndi moto, chifukwa pamatuluka mpweya wa haidirojeni umene umayaka. Viniga nayenso amagwira ntchito, kungoti amachedwa.

Chitsulo chopalidwa chisagone usiku chosapaka kanthu. Tinayamba ndi mankhwala okhala ndi asidi wa phosphoric, amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala kakhungu kakuda kosadyeka. Pamwamba pake tinapaka utoto wofiira woyambira kawiri, kenaka wakuda kawiri. M'kati mwa chasisi tinapoperamo oyilo wosakaniza ndi girisi. Oyilo wakutha musamutaye pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Injini yogona zaka zambiri

Injini ya galimoto yathu ndi ya petulo, ya masilinda anayi, ya malita 2.25. Titaika handulo kutsogolo kuti tiipukuse, sinasunthe ngakhale pang'ono. Mapisitoni anali atagwirana ndi zipupa za masilinda. Bambo anafuna kuti tiikoke ndi thirakitala ili m'giya, koma amalume anati, "Alamu, mukatero muthyola maring'i, mwinanso kupinda ndodo za mapisitoni." M'malo mwake tinachotsa mapulagi, n'kuthira dizilo m'silinda iliyonse, n'kumagwedeza handulo pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ine ndinabwerera kusukulu isanasunthe. Patatha masabata atatu bambo ananditumizira uthenga wakuti yatembenuka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, kupanikizika kokwanira m'masilinda, ndi moto wa pa pulagi wobwera pa nthawi yake. Tinazitsata chimodzichimodzi. Tinatsegula mutu wa injini, kupala mwaye, kunola mavavu ndi kuika gasiketi yatsopano. Mpata wa mavavu pa injini iyi ndi mamilimita 0.25, mpata wa mapointi ndi pakati pa 0.35 ndi 0.40, ndipo masilinda amaphulika motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2. Mukasokoneza mawaya a mapulagi, injini imangotsokomola osalira. Kabuleta tinaitsuka, ladiyeta tinaisukuluza, ndipo oyilo tinamusintha kawiri m'masiku oyamba.

Petulo wa masiku ano ndi wosiyana ndi wa 1974. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amalimbitsa ndi kung'amba mapaipi akale a labala. Tinawasintha onse. Komanso petulo wokhala ndi mtovu, amene ankateteza pokhalira mavavu, anasiya kugulitsidwa m'maiko a kuno cha m'ma 2006. Pa chifukwa ichi amalume amayeza mpata wa mavavu pafupipafupi, ndipo salola kuti injini ithamangitsidwe kwambiri ulendo wautali.

Mabuleki, ndi kulakwa kwanga

Tsiku limene injini inalira, mudzi wonse unasonkhana ndipo mayi analulutira. Bambo anafuna kuiyendetsa pomwepo. Amalume anachotsa kiyi n'kuika m'thumba, nati, "Galimoto yosayenda siipha munthu. Imene imapha ndi yoyenda koma yosaima."

Mabuleki a galimotozi ndi a madiramu magudumu onse anayi, ndipo amagwira ntchito ndi mafuta opanikizidwa m'mapaipi. Zambiri za zaka zimenezo zili ndi njira imodzi yokha ya mafutawo, kutanthauza kuti paipi imodzi ikabooka, mabuleki onse anayi amatha nthawi imodzi. Choncho pano sipofunika kuumira. Tinasintha mapaipi onse, timalabala tonse ta m'masilinda ndi nsapato za mabuleki. Fumbi la m'madiramu akale musaliuzire ndi pakamwa, chifukwa nsapato zakale zinali ndi asbestos amene amawononga mapapo. Linyowetseni ndi kulipukuta.

Apa m'pamene ine ndinalakwa. Mafuta a mabuleki atachepa pochotsa mpweya m'mapaipi, ndinaona botolo la oyilo wa injini pafupi ndipo ndinati mafuta ndi mafuta basi. Ndinathiramo osafunsa. Patapita masiku ochepa pedulo inayamba kukakamira ndipo magudumu anagwira. Oyilo wa injini amatupitsa labala wa mabuleki. Zonse zimene tinali titangogula kumene zinawonongeka, ndipo bambo anagulitsa mbuzi ina, imene inali yoti ithandize pa fizi yanga. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, safunsa anadya phula." Mawu amenewo anandipweteka kuposa mkwapulo.

Ndodo yofiira ndi yachikasu

Chimene chimachititsa kuti galimotoyi idutse pamene zina zakanika ndi bokosi lachiwiri la magiya, lokhala kumbuyo kwa giyabokosi, limene limagawa mphamvu kupita kutsogolo ndi kumbuyo. Pa msewu wabwino amakoka ndi magudumu akumbuyo okha. Mukadina ndodo ya mutu wachikasu, akutsogolo nawonso amayamba kukoka. Mukaima n'kukokera kumbuyo ndodo ya mutu wofiira, magudumu onse anayi amakoka, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo mphamvu yokokera imawirikiza. Imeneyi ndiyo giya ya m'matope, mumchenga ndi pokwera gombe la mtsinje ngati Rivirivi.

Koma pa tala musayende ndi magudumu onse anayi akukoka. Pokhota, magudumu akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndipo galimotozi zilibe chida cholola kusiyana kumeneku. M'matope tayala limaterereka pang'ono ndipo vuto limatha lokha, koma pa tala zitsulo zimapotokola mpaka china kuthyoka. Musaiwalenso oyilo wolimba wa nambala 90 m'mabokosi onse awiri a magiya, m'madifu onse awiri ndi m'mipira yonyezimira ya kumagudumu akutsogolo.

Ndalama ndi mapepala

Kwa makolo amene akuganiza zoyamba ntchito yotere, ndinene zoona zake. Si yotsika mtengo. Zipangizo zina tinazipeza zogwiritsidwa kale ntchito mumsika wa Ndirande ndi m'magalaja a ku Limbe, koma za mabuleki ndi chiwongolero tinagula zatsopano. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo zochokera kunja inakwera ntchito ili pakati. Tinaima miyezi itatu kudikira kuti tikolole. Galimotoyi imamwanso kwambiri: ife timayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita imodzi. Tikanakhala kuti tinalibe mmisiri pachibale, sitikanaikwanitsa.

Ndondomeko yogwiritsira ntchito ndalama ikhale iyi: chasisi, mabuleki, chiwongolero, matayala, injini, magetsi, ndipo utoto wa kunja pamapeto penipeni. Yathu mpaka lero ili ndi chitseko chimodzi chobiriwira, china chotuwa. Isanaponde msewu wa boma iyenera kukhala ndi buku la umwini lolembedwa dzina la mwini wake watsopano, inshulansi, ndi chiphaso cha COF chochokera ku nthambi ya Road Traffic chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda. Kusintha dzina la malemu agogo kunatitengera nthawi chifukwa pankafunika makalata a chuma cha masiye, choncho yambani zimenezi msanga.

Galimoto yathu inayamba kuyenda chakumapeto kwa 2024. Siyenda tsiku lililonse, chifukwa petulo ndi wodula ndipo nthawi zina amasowa. Mayi anakhazikitsa lamulo lakuti m'thanki musamachepere malita 10, ndipo kiyi amasunga okha. M'dzinja lotsatira inatuluka usiku katatu kupita kuchipatala cha boma ku Balaka, kawiri ndi amayi oyembekezera, kamodzi ndi mwana wa malungo. Ikabwerako, ntchito yanga ndikakhala kutchuthi ndi kulowa kunsi ndi ndowa ndi waya, kutokosa matope m'timabowo ta chasisi asanaume. Anzanga amene kwanu kuli galimoto yogona paudzu, tchuthi chikubwerachi tengani nyundo mukaigogode, mumve m'mene ikulirira, musanaitane anyamata a sikelo.